Dokotala Wosabaya Jakisoni

Pa ntchito zimene anthu amagwira, zilipo zina zimene zipatso zake zimaonekera poyera. Mmisiri akamanga nyumba, aliyense wodutsa pamsewu amaiona. Dokotala akachiritsa wodwala, abale amabwera ndi nkhuku kudzathokoza. Koma ilipo ntchito ina imene ikayenda bwino palibe choti anthu aloze: mwana sadwala, pamudzi sipamveka mfuu wa maliro, ndipo anthu amagona tulo osadziwa kuti wina wawatchinjiriza. Ntchito yotereyi ndiyo adasankha mayi wina wa m'boma la Zomba, amene lero amaphunzitsa uinjiniya wa zachilengedwe pa sukulu ina ya ukachenjede m'dziko muno.

Mayiyu adabadwira m'mudzi wina wa m'mphepete mwa nyanja ya Chilwa, kumene malo ndi achidikha ndipo madzi sakhala patali. Kumeneko munthu akakumba dzenje lolekeza m'chiuno m'nyengo ya dzinja, amaona madzi akuyamba kutumphuka. Iye ali mu Sitandade 6, mlongo wake wa zaka zinayi adayamba kutsekula m'mimba usiku, ndipo pofika madzulo a tsiku lotsatira adali atatsikira kulichete. Pamaliro anthu adanong'onezana zambiri. Ena adatchula ufiti, ena adati ndi tsempho. Mtsikanayo sadanene kanthu, koma adasunga mumtima chimene maso ake adaona. Sabata yomweyo ana ena a mabanja otunga pa chitsime chimodzimodzicho adadwalanso, pamene ana a kutsidya kwa msewu, amene makolo awo adali kutunga kwina, adali kusewera bwinobwino. Funso la chitsime chija lidamutsatira mpaka kusekondale, ndipo ndilo lidamukhazika pansi kuti alimbikire masamu, sayansi ndi bayoloje pamene anzake adali kuthawa maphunzirowa.

Uinjiniya wa zachilengedwe ndi luso loika malire pakati pa zimene munthu amataya ndi zimene amadya, kumwa kapena kupuma. Injiniya wa ntchitoyi amakonza njira zoyeretsera madzi akumwa, zochotsera zonyansa za m'zimbudzi, zosamalira zinyalala za m'mizinda, ndiponso zochepetsera utsi ndi madzi oipa ochokera m'mafakitale. Amayenera kudziwa masamu a mmisiri wa zomangamanga, chifukwa madzi amayenda m'mapaipi ndi m'ngalande. Amayeneranso kudziwa za tizilombo tosaoneka ndi maso, chifukwa ndito timapha anthu. Ambiri amalowa ntchitoyi kudzera m'maphunziro a zomangamanga kapena a zaumoyo wa anthu ndi malo awo okhala. M'dziko muno mainjiniya ambiri adasulidwa pa sukulu ya Polytechnic ku Blantyre, imene idatsegulidwa m'chaka cha 1965, ndipo kuyambira mu 2021 idaima payokha ndi dzina lakuti Malawi University of Business and Applied Sciences.

Njira yokhalira mphunzitsi wa pa sukulu ya ukachenjede ndi yaitali. Atatenga digiri yoyamba, mtsikana uja adasungidwa pa sukulupo ngati wothandizira aphunzitsi, ntchito yake ili kukonza zipangizo za mu labotale ndi kuchonga ntchito za ophunzira. Kenaka adapita kukachita digiri yachiwiri, ya masitazi, ndipo pambuyo pake digiri yachitatu, ya udokotala wa maphunziro, imene munthu saipata pongokhoza mayeso. Amaipata akafufuza kwa zaka zitatu kapena zinayi n'kupeza chinthu chimene anthu sadali kuchidziwa, ndipo akachiteteza pamaso pa akatswiri omufunsa mafunso. Nthawi yonseyi anzake amene adamaliza nawo digiri yoyamba adali kumanga misewu ndi milatho, akuyendera galimoto zawozawo. Atsibweni ake, amene adagulitsa mbuzi zingapo kuti iye aphunzire, adafika potopa. "Mphwanga," adatero tsiku lina, "kodi sukulu yakoyi idzatha ife tili moyo?" Iye adangoweramitsa mutu, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha, koma mawuwo adamulasa.

Tsiku limene adabwerera kumudzi ndi digiri yachitatu ija, mayi ake adamulandira ndi nthungululu. Madzulo ali pamphasa adamufunsa kuti, "Mwananga, anthu akuti tsopano ndiwe dokotala. Nanga bwanji sundibaya jakisoni wa miyendo yangayi?"

"Amayi, udokotala wanga ndi wa madzi," iye adayankha.

"Kodi madzi amadwala?"

"Amadwala, amayi, ndipo akadwala iwo timagona ndife."

Mayi akewo adaseka, koma zidali zoonekeratu kuti sadakhutire. Kwa iwo dokotala wosabaya jakisoni adali ngati mlenje wopanda uta.

Ntchito ya mphunzitsi wa pa sukulu ya ukachenjede imakhala pa mafuwa atatu: kuphunzitsa, kufufuza, ndi kutumikira anthu a kunja kwa mpanda wa sukulu. Fuwa limodzi likaphwanyika, mphika umapendekeka. Pa kuphunzitsa, mayiyu adali ndi chizolowezi choyamba chaka chilichonse ndi nkhani ya John Snow, dokotala wa ku London. M'chaka cha 1854 kolera idabuka m'dera lina la mzindawo, pa nthawi imene ambiri adali kukhulupirira kuti nthendayi imafala ndi mpweya wonunkha. Snow adayenda nyumba ndi nyumba kufunsa kumene omwalira adali kutunga madzi, ndipo adapeza kuti ochuluka adali kumwa madzi a pa mjigo wa mu Broad Street. Adauza akuluakulu a deralo, ndipo iwo adachotsa chogwirira cha mjigowo kuti anthu asatungenso. Mayiyu adali kuikonda nkhaniyi chifukwa idali kufanana ndi zimene iye adaona ali mwana.

Akachoka ku London, adali kubwera nawo ophunzira ake ku Blantyre. Madzi ambiri a mumzindawu amatungidwa mu mtsinje wa Shire pa Walker's Ferry, n'kukankhidwa ndi makina kukwera mtunda wa mamita pafupifupi 800 asadafike pampopi. Iye adali kuwauza ophunzirawo kuti awerengere mphamvu ya magetsi yofunika kukweza ndowa imodzi ya madzi mtunda wonsewo, ndipo akatero awerengerenso zimene zimatayika paipi imodzi ikamachucha usiku wonse. Wophunzira amene wachita masamu amenewa sadutsanso paipi yophulika ngati sakuiona. Koma kuphunzitsa sikuthera pa bolodi. Pali mapepala a mayeso odzaza tebulo oyenera kuchongedwa usiku, pali maulendo opita ndi ophunzira kumalo oyeretsera madzi a suweji kumene ena amatseka mphuno ndi mipango, ndiponso pali wophunzira wofooka amene ayenera kumufotokozera chinthu chimodzi katatu.

Fuwa lachiwiri, la kafukufuku, ndilo limakweza kapena kuimitsa munthu pa ntchitoyi. Mphunzitsi sakwera kufika pa udindo wa mphunzitsi wamkulu kapena pulofesa chifukwa cha imvi ayi, koma makamaka chifukwa cha zimene wafufuza ndi kusindikiza. Asadayambe kufufuza amayenera kupeza ndalama, ndipo kawirikawiri amazipempha polemba kalata zazitali kwa mabungwe othandiza kafukufuku, ambiri a iwo akunja, kumene opempha amachuluka kuposa olandira. Akamaliza kufufuza amalemba zimene wapeza n'kutumiza ku magazini ya akatswiri. Kumeneko akatswiri anzake, amene mayina awo sawadziwa, amasanthula ntchitoyo n'kuibweza ndi mafunso, kapena kuikana kumene. Mayiyu adakanidwapo kangapo, ndipo poyamba adali kulira m'kachetechete. Pang'onopang'ono adazindikira kuti wakutsina khutu ndi mnansi: kuli bwino kuti cholakwa chipezeke papepala kusiyana n'kuti chikapezeke m'madzi a anthu.

Chimene chidali kumulimbitsa mtima ndi kudziwa kuti zinthu zambiri zimene zimapulumutsa miyoyo lero zidayamba ndi anthu ofufuza modekha. M'chaka cha 1919, Abel Wolman, amene pambuyo pake adaphunzitsa zaka zambiri pa yunivesite ya Johns Hopkins ku America, pamodzi ndi mnzake Linn Enslow, adalongosola njira yodziwira muyeso woyenera wa klorini wothira m'madzi a mumzinda, kuti tizilombo tife koma anthu asavulale. Ku Zimbabwe, m'zaka za m'ma 1970, Peter Morgan adakonza chimbudzi chokumba chokhala ndi paipi yotulutsira fungo, ya sefa pamwamba pake yotchera ntchentche, chimene chimatchedwa Blair. Kuno kwathu, ntchito yotsitsa madzi a m'mapiri m'mapaipi popanda makina idayamba m'dera la Chingale m'boma la Zomba m'chaka cha 1968, anthu a m'midzi akukumba okha ngalande. Ambiri amene amapindula ndi zinthuzi sadziwa mayina a amene adaziyambitsa.

Komabe munthu sadya mbiri ya anthu ena. Kumayambiriro kwa chaka cha 2023 mayiyu adalandira kalata yochokera ku kampani ina ya kunja kwa dziko lino yomuitana kukagwira ntchito. Malipiro ake adali oposa kwambiri amene adali kulandira, ndipo kudalibe mapepala ochonga usiku. Atsibweni ake atamva adati, "Mphwanga, mwayi sudziwika. Ukazengereza udzalira." Iwo sadali kulakwa. Nyumba ya mayi ake idali kudontha, ndipo ana a abale ofuna fizi adali ambiri. Kalatayo adaiika m'kabati ya mu ofesi, ndipo tsiku lililonse adali kuitulutsa, kuiwerenga, n'kuibwezeranso.

Nyengo imeneyo idali yowawa m'dziko muno. Kolera imene idabuka mu Malichi 2022 idafalikira m'maboma onse, ndipo idapha anthu oposa 1,700, kuposa mliri wina uliwonse wa kolera umene udalembedwapo m'Malawi. Mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe zidachedwa kutsegulidwa chifukwa cha nthendayi. Ndiye mu Malichi chaka chomwecho kudabwera namondwe wa Freddy, amene adagumula mapiri ndi kusefukiritsa mitsinje m'chigawo cha kummwera. Matope ochokera m'phiri la Soche adakwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo m'midzi ya m'zidikha madzi adagwetsa zimbudzi n'kumwaza zam'kati mwake ponseponse. Madzi ataphwa, mayi ake adatumiza uthenga wakuti nyumba yatsala, koma ana a pamudzi akudwala m'mimba.

Adanyamuka Loweruka m'mamawa ndi ophunzira ake awiri, atatenga mabotolo ophikidwa kuti asakhale ndi kachilombo kalikonse, ndi bokosi la madzi oundana losungiramo mabotolowo. Chitsime chakale chija chidakwiriridwa kalekale. Mudzi tsopano udali kumwa pa mjigo. Madzi a pa mjigowo adali oyera mbee, okoma kuwaona. Koma iye adaona kuti simenti yozungulira mjigo idali itang'aluka, ndipo chakumtunda pang'ono, mapazi owerengeka chabe, kudali dzenje la chimbudzi chogumuka, pamene malangizo amati chimbudzi chitalikirane ndi chitsime mamita osachepera 30. Adatunga madzi, nathamanga nawo ku labotale tsiku lomwelo, pakuti madzi oyeza sayenera kugona. Kumeneko adasefa mamililita 100 pa kapepala kokhala ndi timabowo tating'ono kwambiri kuti tizilombo titsalire pamwamba, nakaika m'kambale ka chakudya cha tizilomboto, n'kukasiya m'chofunditsira pa madigiri 44 usiku wonse. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse limati m'madzi akumwa a muyeso umenewu musapezeke ngakhale kachilombo kamodzi ka E. coli, kamene kamasonyeza kuti madzi akhudzana ndi chimbudzi. M'mawa mwake kapepala kaja kadali katadzaza timadontho tachikasu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Adabwerera kumudzi mtima uli m'malo, chifukwa yankho adali kulidziwa. Adali ataliphunzitsa zaka zambiri. Amfumu adaitanitsa anthu pansi pa mtengo wa mango, ndipo iye atagwada ndi kupereka ulemu adati, "Zikomo amfumu, ndi inu nonse makolo anga. Madzi a pa mjigo wathu alowa zoipa za m'chimbudzi. Ndikupempha kuti tichotse chogwirira mpaka mjigowu utakonzedwa."

Padamveka kung'ung'udza. Bambo wina adati madziwo ndi oyera kuposa a m'botolo a m'tauni. Mayi wina adalankhula motsitsa, koma momveka, kuti ana ophunzira amabwera ndi galimoto kudzatseka mijigo, madzulo n'kubwerera kumipopi yawo. Kenaka mayi ake omubereka, amene adakhala chete nthawi yonseyi, adakonza chitenje chawo nati, "Mwananga, tamva. Koma ukatseka, tikatunga kuti?"

Iye adatsegula pakamwa, koma mawu sadatuluke. Adadziwa yankho lake monga mwana wa pamudzipo. Mjigo wina udali kutali, ulendo woti mayi wobereka mwana kumbuyo sangauyende kawiri pa tsiku. Amayiwo akadapita kudambo, kumene madzi osefukira aja adaunjika zonyansa za midzi yonse ya kumtunda. Kuchotsa chogwirira kukadawachotsa pa madzi oipa n'kuwatumiza ku madzi oipitsitsa. Ku London kudali mijigo ina m'misewu yoyandikana. Kwawo kuno kudalibe. Nkhani imene adaikonda kuyambira kale idali yoona, koma idali yoona kwa eni ake.

Adapempha amfumu kuti amupatse mpata mpaka mawa. Usiku umenewo adakhala pakhonde ndi ophunzira ake aja ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo, akuwerengera ndi tochi. Adagwirizana kuti mjigo usatsekedwe, koma pakhale munthu pamjigopo kuyambira mbandakucha mpaka madzulo, wothira klorini wa muyeso woyenera m'ndowa iliyonse, ndipo madziwo adikire mphindi 30 asadamwedwe. Amayi a pamudzi adagawana okha masiku olondera. Achinyamata adakwirira dzenje la chimbudzi chija. Zidatsala ndi kukonza simenti ndi kutsuka mjigo wonse ndi mankhwala amphamvu, ntchito yofuna anthu a ku ofesi ya zamadzi ya boma.

Patapita masiku ochepa padafika mnyamata pa njinga yamoto, thumba la zipangizo lili kumbuyo. Atavula chipewa adaima njo, nati, "Madamu, simundikumbukira? Ndine uja mudandibweza kawiri pa phunziro la kayendedwe ka madzi a pansi pa nthaka." Mayiyu adamukumbukira; adali wophunzira amene nthawi ina adaganiza kuti sangaphule kanthu. Adaima pambali n'kumuyang'ana akugwira ntchito. Mnyamatayo adayeza zonse mwadongosolo, adalongosolera amfumu chilichonse m'Chichewa chomveka, ndipo adakana kunena kuti madzi ali bwino asadayezedwenso. Pocheza adatchula midzi ina yambiri imene adali atayendamo chichokere namondwe, ndi anzake a m'kalasi imodzi amene adali kuchita zomwezo m'maboma ena. Mayiyu adawerenga chamumtima. Iye yekha, ndi manja ake awiri, adali atathandiza mjigo umodzi. Kudzera mwa ana amene adawavutikira pa bolodi, adali pa mijigo yambiri imene sadzaiona n'komwe.

Si kuti amene amapita kunja amalakwa. Ambiri amathandiza abale awo ndi dziko lawo ali komweko, ndipo ena amabwerera ndi nzeru zatsopano. Koma dziko limene mainjiniya ake onse aphunzitsidwa ndi mabuku olembedwera maiko ena lidzakhala likuchotsa zogwirira za mijigo popanda kufunsa kumene anthu akatunge. Pafunika ena otsala, odziwa masamu a m'buku ndiponso odziwa kutalika kwa njira ya kudambo, kuti afufuze mavuto a kuno ndi kusula achinyamata amene adzawathetse. Atabwerera ku ofesi, mayiyu adatulutsa kalata ija m'kabati, nayankha mwaulemu kuti sangathe kubwera. Atsibweni ake adakhala miyezi ingapo osamulankhula bwino, ndipo nyumba ya mayi ake adaifolera pang'onopang'ono, malata awiri mwezi uno, atatu mwezi wamawa.

Madzi a pa mjigo uja atayezedwanso kachiwiri ndi kachitatu, kapepala kadatuluka kopanda dontho. Palibe adaimba nthungululu, chifukwa padalibe choti aone. Ana adangosiya kudwala, ndipo anthu adabwerera kuminda yawo. Mpaka lero mayiyu amayamba chaka ndi nkhani ya John Snow, koma akafika pa chogwirira chija amaika choko pansi n'kufunsa kalasi yonse kuti, "Mukachotsa, amayiwo akatunga kuti?" Ophunzira amayang'anana, ndipo phunziro limayambira pamenepo.

Kumudzi, mayi ake akadali kudandaula za miyendo yawo. Koma mlendo akafunsa ntchito ya mwana wawo wa kutauni uja, iwo amaloza ndi ndodo kumjigo nati, "Ndi dokotala wa madzi. Wodwala wake ndi uyo apo, adachira."